Kujambula Makoma ndi Mithunzi pa Kasungu: Malangizo a Pang'onopang'ono

Mthunzi, chithunzithunzi, chithunzi. Mawu atatuwa ndi apachibale, ndipo amene anayamba kutcha chotuluka mu kamera kuti chithunzi anaona patali. Kamera sigwira khoma lenilenilo. Imagwira kuwala kumene kwagunda khomalo, ndi mdima umene watsala pomwe kuwalako sikunafike. Kujambula kumene ndikufuna kukusonyezani kwatsamira pomwepo. Simujambula sitolo kuti anthu adziwe kuti ndi ya auje. Mujambula mzere wakuda umene denga la khonde lagwetsa pakhoma la laimu, zitsulo za geti zitagona ndandanda pasimenti, kona ya nyumba itadula thambo pakati. Pachingerezi amati abstract. Ine ndimati ndi chithunzi chimene munthu amayamba waima kaye n'kufunsa kuti, "Kodi chimenechi n'chiyani?" asanazindikire kuti ndi masitepe amene amakwera tsiku ndi tsiku.

Anzanga ena amati zoterezi zimafuna nyumba zosanja za ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Ine ndimakana. M'chaka cha 1916, Paul Strand wa ku America anajambula mithunzi ya pakhonde la nyumba wamba ku Connecticut, ndipo mpaka lero chithunzicho chimawerengedwa m'gulu la zoyambirira za mtunduwu. Pakhonde basi. Nanga pa Kasungu pano makonde akusowa? Dzuwa likusowa? Foni imene ili m'thumba mwanu, kaya ndi Tecno, Itel kapena Samsung, ndi yokwanira kuyambira.

Choyamba: sankhani khoma limodzi, foni ikhale m'thumba

Yendani tsiku limodzi osajambula kanthu. Yambirani kudepoti, dutsani m'mashopu, lowani mumsika, tulukirani kuseri kumene anthu sakonda kudutsa. Muziyang'ana zinthu zitatu.

Malo osalala, oyera kapena a mtundu umodzi, pomwe mthunzi ungagwere n'kuoneka bwino: khoma lopaka laimu, pansi pa simenti, chitseko cha chitsulo chotseka. Kenako chinthu chogwetsa mthunziwo: nsanamira za khonde, mphepete mwa malata, zitsulo za pawindo, masitepe, miyendo ya thanki ya madzi, mabuloko obowola aja amene amaika kuti mphepo izilowa. Chachitatu ndi zinthu zobwerezabwereza, monga mizere ya malata, njerwa zosapaka pulasitala, mawindo a kalasi ondondozana, njinga za kabaza zitaima mzere.

Mukapeza malo amene zitatuzi zakumana, sankhani amodzi okha. Ndikunenetsa, amodzi. Anthu ambiri amalephera chifukwa chothamanga ndi tawuni yonse tsiku limodzi, n'kubwerako ndi zithunzi 200 zopanda ngakhale chimodzi chosunga. Khoma limodzi lapafupi ndi kwanu kapena kuntchito, loti mungalidutse m'mawa, masana ndi madzulo, lidzakuphunzitsani zambiri kuposa misewu khumi.

Chachiwiri: dziwani nthawi ya khoma lanulo

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndichedwapo.

Nyumba siyenda, koma mthunzi umayenda. Dzuwa limasuntha madigiri 15 pa ola lililonse, ndiye chithunzi chimene mwachiona 9 koloko, pofika 9:20 chasanduka china. Khoma lililonse lili ndi mphindi zake zochepa pa tsiku pamene mthunzi umagwa pabwino, mwina kukhudza kona yeniyeni ya windo, mwina kugawa chitseko pakati ndendende. Ntchito yanu ndi kuzipeza mphindizo ndi kukhalapo zikamafika.

Yambani ndi kudziwa kumene khomalo layang'ana. Msewu wa M1 umabwera kuchokera kumwera, ku Lilongwe, kulowera kumpoto, ndiye pomwe msewu walunjika chotero, nyumba zoyang'ana kumsewu zimakhala zayang'ana kum'mawa kapena kumadzulo. Zoyang'ana kum'mawa zimalandira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11, zoyang'ana kumadzulo zimayamba kuwala masana akapendeka. Kampasi ya mufoni ikuthandizani, koma ngakhale popanda iyo, mukudziwa kale kumene dzuwa limatulukira.

Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kumwera kwa equator, ndipo izi zili ndi zotsatira zake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo ngakhale masana enieni silifika pamutu. Mzati wotalika mamita 2 umagwetsa mthunzi wa pafupifupi mita imodzi ndi theka, wolozera kumwera. Makoma oyang'ana kumpoto amawala tsiku lonse, pamene oyang'ana kumwera salawa dzuwa n'komwe kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Ngati khoma lanu layang'ana kumwera ndipo ino ndi nyengo yozizira, musadzivutitse kulidikira. Sankhani lina, ili mudzalibwerere mu Disembala.

M'mwezi wa Juni womwewo, 7 koloko m'mawa mthunzi wapansi umatalika pafupifupi kasanu kuposa mwini wake. Pofika 8 koloko watsika kufika kawiri n'kanthu. Mwaona liwiro lake? Ola limodzi lokha, theka lapita. Madzulo umabwereza chimodzimodzi chobwerera m'mbuyo, cha m'ma 3:30 kawiri n'kanthu, cha m'ma 4:30 kasanu. Kwathu kuno dzuwa limakwera ndi kutsika mowongoka, sizili ngati ku Ulaya kumene limachedwa m'munsi, choncho malangizo ambiri a pa intaneti onena za ola lonse la kuwala kofiirira sagwirizana ndi ife. Ifeyo timakhala ndi mphindi zowerengeka.

Ndipo kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni. Masiku amenewo mzati woongoka umasowa mthunzi masana. Mu Okutobala zimachitika cha m'ma 11:30, osati 12 koloko. Mu Febuluwale zimachitika cha m'ma 12, koma kawirikawiri mitambo ya dzinja imabisa.

Ambiri amakuuzani kuti masana musamajambule. Pojambula nkhope za anthu, n'zoona. Pojambula makoma, ayi. Mthunzi wapansi umatalika m'mawa ndi madzulo, koma mthunzi wa pakhoma umatalika dzuwa likakwera. Taimani pakhoma loyang'ana kum'mawa cha m'ma 10:30 kapena 11. Dzuwa limakhala likutsetsereka kuchokera pamwamba, kungolipalasa khomalo. Msomali umene watulukira pang'ono umagwetsa mzere wautali ngati chala. Njerwa iliyonse yotuluka imakhala ndi mthunzi wake, pulasitala wokanda amaoneka ngati munda wolima mizere. Kenako, mwadzidzidzi, dzuwa ladumpha denga, khoma lonse zii. Mphindi 15 zomalizazo ndi zimene ine ndimakonda koposa pa tsiku lonse.

Nyengo nayo muiwerengere. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mpweya umakhala woyera, mithunzi yakuthwa, kupatula masiku a mwera pamene mitambo imaphimba. Pofika Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimachititsa thambo kukhala mbuu, ndipo dzuwa la m'mawa ndi madzulo limafooka lisanagwetse mthunzi wolimba. Nthawi imeneyo jambulani dzuwa litakwera. M'dzinja, mvula ikangokata, zithaphwi zimasanduka magalasi oonetsa madenga chadodolido, ndipo makoma otsukidwa fumbi amatulutsa mtundu wake weniweni.

Tengani kakope, kapena lembani mufoni: tsiku, nthawi, pomwe mthunzi unafika. Masiku atatu okha, mudzakhala mukulidziwa khomalo ngati mnansi.

Chachitatu: perekani moni musanatulutse foni

Izi ndinaziphunzira movutikira. Tsiku lina madzulo ndinaona geti la nyumba ina yosungiramo katundu litagwetsa mizere yokongola pansi. Ndinagwada pompo n'kuyamba kujambula, pafupi ndi loko penipeni. Ndisanadzuke ndinangomva dzanja pa phewa.

"Achimwene, mukujambula chiyani apa? Wakutumani ndani?"

Anali alonda, bambo achikulire, ndipo foni ija anaigwira. Sanalakwe. Munthu wachilendo wogwada pa geti kujambula loko ndi zitsulo, inu mukanaganiza chiyani? Ndinapepesa, ndinapereka moni umene ndinayenera kupereka poyamba, n'kuwaonetsa zithunzizo chimodzichimodzi. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ngati ndi mthunziwu mukuufuna, mwafulumira. Umafika pa ngalande apo 4 koloko ikadutsa. Ndi nthawi imene ine ndimasuntha mpando."

Mawa lake ndinabwera 4 koloko, ndipo zinali monga ananenera. Kuyambira pamenepo ndimafunsa. Alonda, amayi ogulitsa tomato amene amakoka thumba lawo kutsata mthunzi, atelala a pakhonde amene amatembenuza makina dzuwa likawapeza, onsewa amadziwa mayendedwe a mthunzi pamalo pawo kuposa wojambula aliyense. Safunsa anadya phula.

Choncho fikani bwino. "Odi, mwaswera bwanji mayi? Ndimapempha ndijambuleko mthunzi uwu pakhoma lanu, nkhope ya munthu sindijambula ayi." Mukamaliza aonetseni. Wina akakana, thokozani ndi kupita, makoma ndi ambiri. Malo a polisi, a asilikali, ndende ndi mabanki alekeni. Kuchipatala ndi kusukulu pitani kaye ku ofesi. Ngati mukulakalaka makonde a zipilala zokhota pamwamba a ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo musananyamuke.

Chachinayi: konzani foni

Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Zikuoneka zazing'ono, koma foni imakhala m'thumba limodzi ndi thukuta ndi fumbi, ndipo mafuta a chala pa galasi amachititsa kuwala kumwazika, malire a mthunzi n'kufota.

Lowani mu Settings ya kamera, yatsani Grid, timizere togawa sikirini patatu m'litali ndi patatu m'lifupi. Zimitsani flash. Zimitsani HDR, ndipo ngati foni yanu ili ndi zokongoletsa zodzichitira yokha zimene amazitcha AI, zimitsaninso. Chifukwa chake n'chakuti opanga mafoni anawaphunzitsa kuti mdima ndi vuto. HDR imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza kuti muone zonse za mumthunzi. Pa chithunzi cha paukwati n'zothandiza. Kwa inu, ikufufuta chinthu chimene mwabwerera.

Zoom yotsina ndi zala ilekeni, imangokulitsa chithunzi n'kuchiphwanya. Ngati foni ili ndi diso lachiwiri loonera patali, la 2x kapena 3x, limenelo ligwiritseni ntchito. Ngati mulibe, yendani ndi miyendo.

Chachisanu: yezani kuwala pa mbali yowala

Lozani foni pakhomapo. Khudzani sikirini pamene pawala kwambiri, osati pamdima. Mafoni ambiri amatulutsa kabokosi ndi kachizindikiro ka dzuwa pambali pake. Kokerani kadzuwako pansi pang'onopang'ono, mukuyang'ana khoma loyeralo. Imani pamene mwayamba kuona khungu la khomalo, timing'alu ndi mikwasa ya bulashi ya laimu. Mthunzi udzakhala utada bii. Usiyeni ude.

Ngati mukhudza sikirini n'kusiya chala pomwepo kwa kamphindi, mafoni ambiri amatseka muyesowo kuti usasinthe mukasuntha. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF Lock, pa mafoni ena pamabwera kaloko. Mukatero mutha kusintha kaimidwe popanda foni kuwalitsanso yokha.

Amene muli ndi Pro mode, ikani ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, pa nambala yotsikitsitsa, 50 kapena 100, ndipo EV, yowalitsira kapena kudetsera chithunzi, itsitseni kufika pa -1, nthawi zina -1.5 khoma likakhala loyera mbee. Amene muli ndi kamera yeniyeni, pa dzuwa lamphamvu yambirani pa f/16, 1/100, ISO 100, kenako muzisintha mukaona zotuluka.

Chifukwa choyezera pa mbali yowala n'chosavuta. Pamene pada mutha kupawalitsa pang'ono pambuyo pake. Pamene payera mopitirira, palibe chatsala, mwangotsala ndi pepala loyera lopanda kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi: chotsani, chotsani, chotsaninso

Tsopano yang'anani sikirini, osati pakati pokha, koma m'mphepete monse ndi m'makona anayi. Funsani chilichonse chimene chalowa kuti chikufuna chiyani. Chikwangwani cholembedwa dzina la shopu, chituluke, chifukwa diso la munthu likaona malemba limathamangira kuwerenga n'kuiwala mthunzi. Jumbo ya buluu yokodwa pawaya, ituluke. Nthambi ya mtengo yosuzumira pakona, ituluke. Mumazichotsa posendera pafupi, posuntha phazi limodzi kumanzere, pogwada, osati pothyola za eni.

Chotsani ngakhale zimene zimauza munthu kuti iyi ndi nyumba. Musaonetse denga ndi pansi nthawi imodzi. Dulani windo pakati. Siyani nsanamira ilowe kuchokera pamwamba pa chithunzi n'kutulukira pansi, osaoneka mutu kapena phazi. Munthu akasowa poyezera kukula kwa chinthu, amayamba kuona maonekedwe okha: chamakona atatu chakuda, mzere woyera wopendekeka, timabokosi tobwerezabwereza.

Ine ndimawerenga zidutswa. Chithunzi chikakhala ndi zidutswa zazikulu zitatu, mwachitsanzo thambo, khoma lowala ndi mthunzi, nthawi zambiri chimagwira. Zikapitirira zisanu, chayamba phokoso. Yesani kutsinzina pang'ono mukuyang'ana sikirini, tinthu ting'onoting'ono timasowa, zidutswa zikuluzikulu zokha n'kutsala. Zikakhala zosakoma mutatsinzina, sizikomanso mutatsegula maso.

Mzere wopendekeka uli ndi mphamvu kuposa woima kapena wogona. Ngati mthunzi wa denga ukutsika chopendekeka, yesani kuusiya uthere pakona yeniyeni ya chithunzi. Pa zinthu zobwereza, monga malata kapena mabuloko obowola, dzazani sikirini yonse, kenako funani chimodzi chosiyana ndi zinzake, lata limodzi la dzimbiri pakati pa atsopano, bowo limodzi lotsekedwa ndi chisa cha mavu. Diso limafuna popumira.

Muzionanso kuthwa kwa malire. Mthunzi umakhala wakuthwa pafupi ndi mwini wake, ndipo umafota ukamatalikira, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, chifukwa dzuwa si kadontho koma chinthu chokhala ndi m'lifupi mwake. N'chifukwa chake zitsulo za pawindo zimalemba mizere yodula ngati lumo pakhoma lapafupi, pamene mawaya a magetsi a m'mwamba pansi sagwetsa chooneka. Mukafuna zakuthwa, funani chogwetsa mthunzi chimene chayandikana ndi pogwera.

Lowani m'mashedi a mumsika masana dzuwa lili pamutu, muyang'ane pansi. Malata akale ali ndi mabowo a misomali, ndipo bowo lililonse limagwetsa kadontho ka kuwala pansi kapena pa matumba. Taonetsetsani: timadonthoto n'tozungulira, ngakhale bowolo likhale long'ambika mokhota. Chimene mukuona ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo, bowo lija likugwira ntchito ngati kamera. Fumbi likakhala m'mwamba, wina akamasesa kapena kupeta, kuwalako kumaoneka ngati ndodo zoima. Yezani kuwala pa kadontho kamodzi, zina zonse zilowe mumdima.

Mukatuluka pang'ono kunja kwa tawuni, zigafa nazo musazipitirire. Fodya akapita ku Chinkhoma, chigafa chimatsala mafupa okhaokha, mizati ndi mitanda, ndipo pomwe udzu wapadenga wayamba kuthothoka dzuwa limalemba pansi mizere yopingasana imene mmisiri aliyense sangaipange dala.

Chachisanu ndi chiwiri: ongolani mizere

Mukaima pafupi ndi nyumba n'kuloza foni m'mwamba, makoma amaoneka ngati akugwera chagada, mizere yoima n'kumayandikana pamwamba. Pali njira ziwiri zokha zabwino. Mwina muongole kotheratu, mwina mupendeketse kotheratu. Zapakatikati zimaoneka ngati dzanja linanjenjemera.

Pofuna kuongola, imani moyang'anizana ndi khoma ndendende, foni ikhale chilili osaweramira kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mzere umodzi wa khoma ugone pa kamzere ka Grid. Ngati chimene mukufuna chili pamwamba, bwererani m'mbuyo, kuwoloka msewu kumene ngati kungatheke, mujambule foni ili yoongoka, zapansi zosafunika mudzazidule pambuyo. Diso lalikulu la foni limaona motambalala ndipo limakoka zinthu za m'mphepete, choncho mizere yofunika isakhale kumapeto kwenikweni.

Pofuna kupendeketsa, musachite manyazi. Imani pansi pa thanki ya madzi, lozani m'mwamba mowongoka, miyendo inayi ithamangire pakati. Tsamirani kukhoma, tsaya pafupi ndi njerwa, mujambule motsata khomalo. Tembenuzani foni mpaka mzere wa denga udutse kuchokera pakona ina kufika pa inzake. Pa chithunzi cha mtunduwu palibe lamulo loti kumwamba kukhale kumwamba.

Mukapeza kaimidwe, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulani chimodzi, dikirani mphindi ziwiri, jambulaninso, mpaka mthunzi utadutsa pomwe mumaufuna. Chabwino chimakhala pakati pa zimenezo, ndipo nthawi zambiri simuchidziwa mpaka mutafika kunyumba. Samalani mthunzi wanu womwe, dzuwa likakhala kumsana umalowa m'chithunzi mosaitanidwa.

Za anthu, ine ndimati kawirikawiri asalowe. Koma pena munthu mmodzi amadzutsa chithunzi chonse: mthunzi wa wakabaza ukudutsa pakhoma, mapazi okha akukwera masitepe, dengu pamutu litangotulukira m'kuwala. Mthunzi wa munthu umakwanira, nkhope siifunika, ndipo potero simunalowerere aliyense.

Chachisanu ndi chitatu: sankhani, kenako konzani pang'ono

Musasankhe muli padzuwa, sikirini imanama. Khalani m'nyumba madzulo. Pa zithunzi 30 siyani zitatu, zinazo fufutani popanda chisoni.

Pokonza ndimagwiritsa ntchito Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google imene ikangolowa mufoni siifunanso bandulo. Ndondomeko yanga ndi iyi. Ndimayamba ndi Rotate ndi Perspective kuongola mizere imene yatsala yokhota. Kenako Crop, kudula m'mphepete mpaka zidutswa zitakhazikika, ndipo nthawi zambiri ndimayesa chamakona anayi ofanana, chifukwa chimachotsa maganizo oti awa ndi malo. Kenako Tune Image: Highlights pansi pang'ono kuti khoma lisunge khungu lake, Contrast m'mwamba pang'ono, Shadows pansi ngati mumthunzi mukuonekabe zinyalala zosokoneza. Structure ndi Sharpening muzigwire ndi nsonga za zala. Mukawonjeza, m'malire mwa mthunzi mumabwera kamzere koyera konyenga, ndipo thambo limachita timadontho.

Funso la mtundu lizibwera pomaliza. Yesani Black & White. Ngati chithunzi chalimba, chisiyeni chotero. Koma musathamangire kuchotsa mtundu nthawi zonse. Njerwa zootcha zofiira pansi pa thambo la mu Juni, kapena khoma lachikasu logundana ndi chitseko chobiriwira, pena mtunduwo ndiwo chithunzicho. Lamulo langa ndi lakuti mitundu ikakhala iwiri kapena itatu yogwirizana ndimaisiya, ikakhala yambiri yokangana ndimaichotsa.

Pali funso limene lidzakupezani: kodi ndi bwino kuwonjezera mthunzi umene panalibe? Fan Ho wa ku Hong Kong, m'chithunzi chake chotchuka cha 1954 cha mayi woima pakhoma lalitali, mthunzi waukulu wopendekeka uja anauwonjezera potsuka chithunzicho, ndipo nkhaniyo ndi yodziwika. Choncho si mlandu. Koma kwa inu amene mukuphunzira, ndikupemphani muyambe mwaleka. Mukazolowera kupanga mthunzi ndi chala, simudzadzukanso 6 koloko kukaudikira, ndipo maso anu sadzakula. Mukadzachita, muzinena poyera kuti mwawonjezera.

Chachisanu ndi chinayi: sungani ndi kutsukitsa

Posunga mu Snapseed sankhani kusunga kope lina, choyambirira chikhale chosakhudzidwa. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Mukatumiza mwachizolowezi chithunzi chimafinyidwa, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi zomwe mwavutikira, mdima wosalala umachita mabala, malire akuthwa amachita manomano. Facebook nayo imafinya, choncho musaitenge ngati nkhokwe. Sungani zoyambirira pa memory card kapena pa kompyuta, mu foda yolembedwa malo ndi mwezi.

Mwezi ukatha, sankhani zisanu mukatsukitse ku studio. Auzeni ojambulawo kuti, "Achimwene, musachiwalitse, mdimawu ndi wadala," chifukwa makina ndi anthu omwe anazolowera kuwalitsa chithunzi chilichonse chakuda. Yambani ndi chimodzi chaching'ono muone mmene chatulukira, kenako zinazo. Mukazitenga, zimateni pakhoma kunyumba, muzizidutsa sabata yonse. Chimodzi tembenuzani chadodolido muone ngati chikugwirabe. Ndipo tsukitsani chimodzi chapadera mukapatse mwini khonde lija, mukafunsenso kuti mwezi wamawa mthunzi uzidzafika pa sitepe yoyamba nthawi yanji.